Mfuti ikalira pagulu: kodi munthu wamba wokhala ndi mfuti angapulumutse anzake?

Usiku wa pa 10 Julayi 2022, achiwembu adafika pamalo ena omwera mowa ku Nomzamo, m'dera la Orlando East ku Soweto, n'kuyamba kuwombera aliyense amene adali m'menemo. Anthu 16 adafa, ndipo apolisi adatola makoko a zipolopolo oposa 130. Mu Sepitembala 2024, anthu 18, ambiri mwa iwo amayi, adaphedwa mwa njira yomweyi kufupi ndi tawuni ya Lusikisiki m'chigawo cha Eastern Cape. Kwa Amalawi nkhani zotere si zakutali, pakuti mabanja ambiri ali ndi mbale wawo ku Joni.

Chiwembu chotere chikachitika, maganizo a anthu amagawanika pawiri. Ena amati pakadakhala munthu mmodzi yekha wa mtima wabwino wokhala ndi mfuti, miyoyo yambiri ikadapulumuka. Ena amati kuchuluka kwa mfuti ndiko gwero la vutolo, ndipo kuwonjezera zina n'kuthira mafuta pamoto. Funsoli likukhudzanso dziko lino, makamaka maboma a m'malire monga Chikwawa, komwe umbava wa ng'ombe ndi wakalekale ndipo mfuti zidafikako zaka zoposa 160 zapitazo. Zimene zidachitika m'maiko ena komanso m'chigwa cha Shire momwemo zikusonyeza kuti munthu wamba wokhala ndi mfuti nthawi zina amaletsadi chiwembu, koma mwa apo ndi apo, ndipo mtengo wake umakhala waukulu.

Pamene zidatheka

Chitsanzo chodziwika bwino mu Africa ndi cha mpingo wa St James ku Kenilworth mumzinda wa Cape Town. Pa 25 Julayi 1993, nthawi ya mapemphero a madzulo, zigawenga zidalowa m'tchalitchimo ndi mfuti zikuluzikulu komanso mabomba oponya ndi manja. Anthu 11 adafa ndipo 58 adavulala. Mmodzi mwa akhristuwo, a Charl van Wyk, adali ndi mfuti yaing'ono ya m'manja. Adabweza moto, navulaza mmodzi mwa zigawengazo, ndipo zonse zidathawa.

Ku Nairobi, pamene gulu la al-Shabaab lidaukira malo a zamalonda a Westgate pa 21 Sepitembala 2013, anthu wamba angapo okhala ndi mfuti zovomerezeka adalowa limodzi ndi apolisi ochepa n'kutulutsa anthu amene adabisala m'masitolo. Ngakhale zidali choncho, anthu 67 adaphedwa. Ku America, pa 17 Julayi 2022, mnyamata wa zaka 22 adapha munthu amene adayamba kuwombera anthu pamalo ogulitsira zakudya ku Greenwood m'chigawo cha Indiana. Adachita izi pasanathe mphindi imodzi, komabe anthu atatu adali atafa kale.

Nkhani zitatuzi zili ndi chinthu chimodzi chofanana. Munthu wolimba mtimayo amayamba kuchitapo kanthu magazi atakhetsedwa kale. Wachiwembu ndiye amasankha malo ndi nthawi, pomwe ena onse amadzidzimuka. Choncho mfuti ya munthu wamba ingachepetse chiwerengero cha maliro, koma siiletsa chiwembu kuyamba.

Pamene zidavuta

Pali nkhani zina zimene okonda mfuti satchula kawirikawiri. Pa 21 Juni 2021 ku Arvada m'chigawo cha Colorado, bambo wina adapha wachiwembu amene adali atangowombera wapolisi. Bamboyo adatola mfuti ya wachiwembuyo. Wapolisi wina atafika n'kuona munthu atanyamula mfuti yaikulu, adamuwombera n'kumupha. Amene adapulumutsa anthu adafa chifukwa palibe chizindikiro chimene chimasiyanitsa wabwino ndi woipa pakati pa chipwirikiti.

Ku Tucson m'chigawo cha Arizona, pa 8 Januwale 2011, munthu wina adapha anthu asanu ndi mmodzi pamsonkhano wa phungu Gabrielle Giffords. Amene adamugwira ndi anthu opanda zida, pa nthawi imene ankafuna kuika zipolopolo zina. Bambo wina wokhala ndi mfuti adathamangira pamalopo kuchokera m'sitolo yapafupi, ndipo pambuyo pake adavomera kuti padangotsala pang'ono kuti awombere munthu wolakwika, yemwe adali atalanda mfuti ya wachiwembuyo.

Ngakhale ophunzitsidwa ntchitoyi amalephera. Ku Buffalo, pa 14 Meyi 2022, mlonda wa sitolo yemwe kale adali wapolisi adawombera wachiwembu, koma chipolopolo sichidalowe chifukwa munthuyo adavala chovala choteteza chifuwa. Mlondayo adali mmodzi mwa anthu khumi amene adaphedwa. Patangopita masiku khumi, kusukulu ya pulayimale ku Uvalde m'chigawo cha Texas, apolisi pafupifupi 400 adasonkhana, koma padatha mphindi 77 asadalowe m'kalasi momwe mudali wachiwembu. Ana 19 ndi aphunzitsi awiri adafa. Ku Las Vegas, pa 1 Okutobala 2017, wachiwembu adawombera khamu la anthu ali pawindo la chipinda chapamwamba kwambiri cha hotela, kotero kuti mfuti ya m'thumba mwa aliyense pansipo idalibe ntchito.

Zimene ziwerengero zikusonyeza

Mu 2022 nyuzipepala ya The New York Times idasanthula ziwembu 433 za mtunduwu zimene zidachitika ku America kuyambira mu 2000 mpaka 2021, potengera kaundula wa bungwe la ALERRT la pa yunivesite ya Texas State. Pa ziwembu zonsezi, 22 zokha ndizo zidatha chifukwa munthu amene adangopezeka pamalopo adawombera wachiwembu. Mwa anthu 22 amenewa, khumi adali alonda kapena apolisi amene sadali pantchito, ndipo anthu wamba enieni adali 12. Ziwembu 42 zidatha chifukwa anthu adamugwira wachiwembuyo ndi manja.

Ziwerengerozi zikuchokera m'dziko lomwe lili ndi mfuti zambiri kuposa anthu. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 ku America kudali mfuti pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse, pomwe ku Malawi sizinkakwana ngakhale imodzi pa anthu 100. Ngati m'dziko lodzaza ndi mfuti chonchi munthu wamba amaletsa chiwembu ndi mfuti kosakwana katatu pa ziwembu 100 zilizonse, n'kovuta kunena kuti kugawa mfuti ndiwo mankhwala.

Dziko la Australia lidatsata njira ina. Munthu wina atapha anthu 35 ku Port Arthur mu Epulo 1996, boma lidakhwimitsa malamulo n'kugula mfuti zoposa 600,000 kwa eni ake kuti liziwononge.

Phunziro la m'chigwa cha Shire

Anthu a ku Chikwawa ali ndi mbiri yawoyawo pa nkhani ya anthu onyamula mfuti amene amabwera ngati apulumutsi. M'zaka za m'ma 1860, chigwachi chili pa moto wa malonda a ukapolo ndi njala, David Livingstone adasiya kwa Chibisa gulu la Amakololo amene adabwera naye kuchokera kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi. Anthuwa adali ochepa, koma adali ndi mfuti. Amang'anja ambiri adathawira kwa iwo ndipo adatetezekadi kwa ogwira akapolo. Koma posakhalitsa otetezawo adasanduka olamulira, nalanda mphamvu m'manja mwa mafumu amene adawapeza. Maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya, omwe alipo mpaka lero, adayamba nthawi imeneyo.

Mu 1884 mzungu wina wochita malonda, George Fenwick, adakangana ndi mfumu ya Chikololo, Chipatula, naiwombera n'kuipha. Anthu a mfumuyo adabwezera popha Fenwick, kenaka adamiza sitima ya Lady Nyasa, ndipo malonda a pamtsinje wa Shire adaima kwa kanthawi. Mkangano wa anthu awiri udasanduka tsoka la chigwa chonse chifukwa mmodzi adali ndi mfuti pafupi.

Patapita zaka pafupifupi 100, nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo idathamangitsira m'dziko muno anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Ambiri adakhala ku Nsanje ndi ku Chikwawa, m'misasa monga Nyamithuthu, Mankhokwe ndi Kunyinda. Nkhondoyo idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma mfuti zake sizidathe. Mfuti za AK-47 zidawoloka malire n'kulowa m'manja mwa mbava, ndipo umbanda wa mfuti udakula m'dziko muno m'zaka zotsatira. A ku Mozambique eni ake adaona kuti chitetezo chili pochepetsa zida. Kuyambira mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga komanso makina osokera.

Kuwombera khamu m'mbiri ya Malawi

Chiwembu cha munthu mmodzi kulowa pagulu n'kuyamba kuwombera mwachisawawa n'chosowa m'dziko muno. Kuwombera khamu kumene Amalawi amakumbukira kudachitika ndi mfuti za boma. Pa 3 Malichi 1959 asilikali a atsamunda adawombera anthu padoko la Nkhata Bay. Komiti ya Devlin idapeza kuti pamalopo padafa anthu 20, ngakhale eni dera amatchula chiwerengero choposa pamenepa. Pa zionetsero za pa 20 ndi 21 Julayi 2011, anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Pa zochitika ngati izi, munthu wamba amene akadatulutsa mfuti akadangopereka chifukwa chowomberera anthu ochuluka.

Dziko lino lidalawanso zotsatira zopereka mfuti kwa gulu lomwe si apolisi kapena asilikali. Apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu mu Disembala 1993, gulu la nkhondo lidayamba ntchito yowalanda zida yotchedwa Operation Bwezani. Anthu adafa, ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique.

Zimene malamulo amanena

Lamulo la Firearms Act la mu 1967 limaletsa munthu kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo, ndipo ziphaso zimaperekedwa kudzera ku polisi. Mfuti zosula kumudzi, zotchedwa gogodera, zimene opha nyama mozemba amalowa nazo ku Lengwe ndi ku Majete, nazonso n'zoletsedwa ngati zilibe chiphaso. Malawi ali m'gulu la maiko a SADC amene adagwirizana zothana ndi kufala kwa mfuti pa pangano lomwe lidasainidwa ku Blantyre mu Ogasiti 2001.

Malamulo amalola munthu kudziteteza kapena kuteteza mnzake, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi choopsa chimene wakumana nacho. Kukhala ndi chiphaso sikupatsa munthu udindo wa wapolisi. Amene wawombera munthu wosalakwa, kapena wawombera mbava imene yagonja kale, amakayankha mlandu kukhoti.

Pamenepa pali chinthu china chimene Amalawi ayenera kuchilingalira. M'dziko muno anthu sachedwa kulowerera pakamveka mfuu yakuti "wakuba!", ndipo nthawi zambiri kulowererako kumathera pa kulanga munthu asadaweruzidwe. Mu Malichi 2016 khamu la anthu ku Nsanje lidatentha anthu asanu ndi awiri powaganizira kuti adali ndi mafupa a anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu angapo m'chigawo cha kummwera. Makamu amenewa adali ndi miyala, zibonga ndi petulo. Funso ndi lakuti akadakhala ndi mfuti maliro akadakhala angati. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Chimene chimapulumutsa miyoyo

Akatswiri a zachitetezo amalangiza zinthu zitatu motsatana. Choyamba ndi kuthawa, kusiya katundu yense, ngati njira ilipo. Ngati palibe, munthu abisale, atseke chitseko, azimitse kulira kwa foni. Kulimbana ndi wachiwembu ndi njira yotsiriza, pamene palibenso kothawira, ndipo kumatheka bwino anthu akachitira pamodzi pa nthawi imene iye akuika zipolopolo zina. Apolisi akafika, manja akhale poonekera ndipo pasakhale wonyamula chida chilichonse.

Mfuti ikaleka kulira, mdani amakhala magazi. Munthu amene akutaya magazi ambiri angafe m'mphindi zochepa. Kutsindika bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, ngakhale chitenje, osaleka mpaka kuchipatala, kumapulumutsa moyo. Luso limeneli n'lofunika kwambiri ku Chikwawa, komwe wovulala kwambiri akafika pachipatala cha boma kapena cha St Montfort ku Nchalo angafunike kutumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wokwera zitunda za Thabwa. Oyendetsa kabaza, amalonda a mumsika ndi a polisi ya m'mudzi ndiwo amayamba kufika pamalo a ngozi, ndipo ndiwo oyenera kuyamba kuphunzitsidwa.

Koposa zonse, chiwembu chimalepheretseka chisadayambe. Ambiri mwa anthu amene amachita zoterezi amayamba aopseza, kapena wina amadziwa kuti akusunga mfuti mobisa. Mfumu, mbale kapena mnansi amene wakatsina khutu apolisi nthawi ikadalipo satchuka ngati amene wabweza moto m'tchalitchi, koma pa ntchito yake sipafa munthu. Kuchepa kwa mfuti m'manja mwa anthu ndi chitetezo chimene Malawi ali nacho kale, ndipo maboma a m'malire monga Chikwawa ndiwo khomo limene chitetezocho chingasungikire kapena kutayikira.