Ulendo wa ku Mapiri a Matobo

Phunziro lathu la mbiri yakale lero litipereka kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi, m'dziko la anansi athu la Zimbabwe. Munthu akacoka mu mzinda wa Bulawayo nalunjika kumwera, amayenda makilomita ngati 35 ndi kufika pa malo osungirako nyama a Matobo, amene Azungu anali kuwacha Matopos. Malowa anakhazikitsidwa m'caka ca 1926, ndipo ndiwo akale koposa onse otere m'dzikolo.

Mlendo akangolowa, cimene amayamba kuona ndi miyala. Matanthwe akuluakulu anasanjikizana wina pamwamba pa unzake, monga ngati cimphona cina cinali kusewera nawo. Anthu amasimba kuti Mzilikazi, mfumu ya Andebele, anaifanizira miyalayi ndi mitu ya dazi, ndipo m'menemo ndimo munacokera dzina la Matobo. Pamatanthwepo mbira zimaothera dzuwa, pamene ziombankhanga zakuda zili kuzungulira m'mwamba kuzisaka. M'mapanga mumabisala anyalugwe, ndipo m'zigwa mumadya zipembere, mbidzi ndi anyamalikiti.

Tsono tiyeni tikwere kuphanga lochedwa Nswatugi. Pakhoma lake pali zithunzi zofiira za anyamalikiti, ngoma ndi anthu onyamula mauta. Wojambulayo anali kuidziwa bwino nyama, pakuti ukayang'ana miyendo ndi khosi la nyamalikiti umayesa kuti ali kuthamanga ndithu. Kodi anajambula ndani? Anali makolo a anthu ochedwa San. Iwowa sanali kulima kapena kuweta ng'ombe; anali kukhalira uzimba, uci, zipatso ndi mizu. Utoto wao anali kuupanga popera miyala yofiira. M'mapiriwa muli malo oposa 3,000 okhala ndi zithunzi zotere, ndipo zina zakhalapo zaka zikwizikwi. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti zithunzizi sizinali zongokometsera phanga, koma zinali kukhudzana ndi cipembedzo ndi magule a anthuwo.

Ojambulawo sanatisiyire buku lililonse. Zithunzi zao ndizo mboni. Pansi pa thanthwe lina anajambulapo zipembere, ndipo izi zitiuza kuti nyamayi inali kukhala kumeneko kalekale. Pambuyo pake alenje a mfuti anaitha psiti, kufikira m'zaka za m'ma 1960 pamene zipembere zina zinatengedwa ku Natal, m'dziko la South Africa, ndi kubwezedwa m'mapiriwa.

Atapita alenje akale aja, mapiriwa sanakhale mabwinja. Kunadza alimi ndi oweta ng'ombe, amene anawayesa malo opatulika. Kufikira lero anthu amalemekeza kacisi wa Mwali pa Njelele, kumene amakapempha mvula. Mzilikazi atamwalira m'caka ca 1868, anamuika m'phanga pa Entumbane, m'mapiri omwewa. M'caka ca 1896 Andebele anaukira ulamuliro wa Azungu, ndipo matanthwewa anasanduka malinga ao. Asilikali a Azungu atalephera kuwatulutsamo, Cecil Rhodes anapita kukakambirana ndi nduna zao. Rhodes ameneyu ndi yemwe dzina lake linapatsidwa kwa dziko lathu, limene linali kuchedwa Northern Rhodesia kufikira 1964. Atamwalira m'caka ca 1902, anaikidwa pa phiri la Malindidzimu monga mwa kufuna kwake, ndipo manda akewo anthu amatsutsana nawo kufikira lero. Tisaiwalenso kuti boma la atsamunda linasamutsa mabanja amene anali kulima ndi kuweta m'kati mwa malo osungirako nyamawa, ngakhale kuti manda a makolo ao anali momwemo. M'caka ca 2003 bungwe la UNESCO linaika mapiri a Matobo pa mndandanda wa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Pali phanga linanso limene ndifuna kuti mulikumbukire, dzina lake Pomongwe. Kumeneko anthu ena anapaka mafuta pazithunzi, poganiza kuti zidzaoneka bwino ndi kukhalitsa. Mafutawo anagwira fumbi, khoma linada, ndipo zithunzi zambiri zinaonongeka. Taonani, ana inu: cimene mvula ndi mphepo zinaleka kwa zaka zikwi zambiri, manja a munthu anaciononga m'kanthawi kocepa, cikhalireco munthuyo analibe mtima woipa. Zipembere zinapezeka kwina ndi kubwezedwa, koma wojambula uja sadzabweranso.

Nkhaniyi itikhudza ifenso, cifukwa kuno kwathu zithunzi za pamiyala ziliko. Zili ku Nacikufu kufupi ndi Mpika, ku Mwela kufupi ndi Kasama, ndiponso ku Thandwe ndi ku Mkoma m'cigawo ca Kum'mawa. Zofiira, akuluakulu amati anajambula ndi Akafula, amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zina zoyera anajambula ndi makolo a Acewa, ndipo zimakhudzana ndi Nyau ndi cinamwali. Cifukwa cake mukafika pamalo otere, penyani ndi maso okha. Musakhudze cithunzi ndi dzanja, musacithire madzi, musasonkhe moto m'phanga, ndipo musalembe dzina lanu pathanthwe ndi khala kapena coko.

Inu aphunzitsi, phunziroli likatha thandizani ana kupeza Bulawayo pa mapu. Pambuyo pake atumeni akafunse agogo ao ngati kufupi ndi mudzi wao kuli phanga kapena mwala wolembedwa, ndi zimene akuluakulu amasimba za malowo. Zimene akamve akazilembe m'makope ao ndi kuwerengera anzao m'kalasi. Tsalani bwino, ana nonse.