Kafukufuku sikulandira mankhwala

Ena ku Embangweni ndi pa Boma la Mzimba akamva kuti kuchipatala kwabwera kafukufuku amayesa ndi chithandizo chapadera, ena amaopa kuti akufuna magazi awo. Mawu akuti kafukufuku amafanana ndi "kufukula", monga mmene mfuko imafukulira dothi: kufunafuna chimene sichinadziwike.

Tinene kuti mayi wapita ndi mwana kusikelo. Namwino, ali ndi wophunzira udokotala pambali, akuti, "Mayi, tikufufuza za malungo, mungalole tikufunseni mafunso?" Ameneyo ndiye kafukufuku. Namwinoyo ayenera kumuwerengera mayiyo chikalata chopempha chilolezo chake, m'Chitumbuka ngati ndicho amamva bwino, asanasayine kapena kudinda chala. Akakana, mwana alandirabe mankhwala monga mwa nthawi zonse. Ngakhale atavomera, ali ndi ufulu wosiyira panjira.