Mbiri ya Nthano za Ana Zomangidwa pa Malembo Oyera

Mphunzitsi aliyense amene anaimapo pamaso pa ana ndi kuwasimbira za Yosefe adziwa kuti mwana sakhuta ndi mau olembedwa okha. Afuna kumva zimene Yosefe anaona pa njira ya ku Aigupto, ndiponso dzina la mnyamata uja anali ndi mikate isanu ndi tinsomba tiwiri. Buku Lopatulika silinena zimenezi. Pamalo potere, pamene Malembo ali chete, mpamene panamera mabuku a nthano za maulendo ndi zoopsa, amene tifuna kulondola mbiri yake.

Mizu ya mabukuwa ili ku Mangalande. M'chaka cha 1780 Robert Raikes anatsegula Sande Sukulu mu mzinda wa Gloucester, ndipo ana ambiri a anthu osauka anayamba kudziwa kuwerenga. Mu 1799 bungwe la Religious Tract Society linakhazikitsidwa ku London kuti lizisindikiza timabuku tachikhristu. Timabuku toyambato tinali ngati maulaliki, ndipo kawirikawiri tinkasimba za mwana womvera amene afa imfa yabwino. Koma patapita zaka, anyamata anatembenukira ku timapepala ta kobiri limodzi tonena za achifwamba ndi ambanda. Poona ichi, bungwelo linayamba nyuzi yotchedwa The Boy's Own Paper mu 1879, yodzala ndi nkhani za ngozi ndi kulimba mtima. Linazindikira kuti kuletsa kokha sikuchotsa mwana pa nthano yoipa. Afunika kupatsidwa ina yoposa kukoma.

Chaka chotsatira, 1880, Lew Wallace wa ku America, amene anali mkulu wa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo, anatulutsa buku la Ben-Hur. Analembera akulu, komabe njira yake ndiyo anaitsata olembera ana. Iye anapeka Myuda amene sapezeka m'Malembo, namuyendetsa mu ukapolo wa m'zombo za Aroma ndi m'mpikisano wa magaleta ku Antiokeya, nampatsa kukomana ndi Yesu pang'ono pokha. Motero wolemba anali mfulu kupeka zoopsa zambiri, osakhudza kwenikweni mbiri yopatulika.

Elizabeth George Speare anachita chomwecho m'buku la The Bronze Bow la 1961, limene linalandira mphotho ya Newbery mu 1962. Daniel, mnyamata wa ku Galileya wophunzira usuzi wa zitsulo, adana ndi Aroma chifukwa anapachika atate wake, ndipo athawira kumapiri kukaphatikana ndi gulu la zigawenga. Nkhondo yeniyeni ya bukuli ili mumtima mwa mnyamatayo, pakati pa kubwezera ndi chikhululukiro chimene amva Yesu akuphunzitsa.

Chitsanzo choyenera kuchiyang'anitsitsa ndicho Twice Freed, lolembedwa ndi Patricia St John mu 1970. Mai ameneyu, wobadwa mu 1919 ndi kumwalira mu 1993, anagwira ntchito ya unamwino wa mishoni ku Morocco. Maziko a buku lake ndi Kalata ya Paulo kwa Filemoni, ya mavesi 25 okha. Kalatayo itiuza kuti Onesimo anali kapolo wa Filemoni, kuti anasiyana ndi mbuye wake, kuti anakhulupirira pokomana ndi Paulo ali m'ndende, ndi kuti Paulo anambweza, napempha kuti alandiridwe monga mbale, nalonjeza kulipira mangawa ake. Pa Akolose 4:9 tiona kuti anali wa ku Kolose. Zoposa apa wolemba anaziumba yekha: namwali Eirene wa ku Laodikaya amene Onesimo amkonda, maulendo ake aatali, ndi kumenya kwake nkhondo m'bwalo la masewera ku Roma. Mwana wowerenga amva kuwawa kwa ukapolo, nazindikira chifukwa chake kubwerera kwa Filemoni kunali chinthu choopsa. Limeneli ndilo phindu la mabuku otere.

Koma pomwepo mpamene pagona ngozi. Kwathu kuno agogo akayamba ndi "Padangokhala," ana nayankha "Tili tonse," aliyense adziwa kuti zotsatira nzopeka. Buku losindikizidwa lilibe chizindikiro chotere. Mwana amene awerenga za Eirene akhoza kukula akukhulupirira kuti namwaliyo ali m'Chipangano Chatsopano, ndipo tsiku limene adzamfuna osampeza, akhoza kuyamba kukayika ndi zolembedwa zomwe.

Tsono inu amene mukonzekera uphunzitsi, musawakane mabukuwa, ndiponso musaope kupeka nthano zanu za mtundu womwewo m'chinenero chathu. Koma mukatha kusimba, tsegulani Buku Lopatulika, muwerenge pamodzi ndi ana ndime imene nthanoyo yachokera. Pa bolodi lembani mizere iwiri, wina wa zimene Malembo anena, wina wa zimene wolemba waonjeza, ndipo ana okha adzaze mizereyo. Mwana wozolowera ntchito imeneyi m'kalasi lachinayi adzadziwa kufunsa gwero la nkhani iliyonse imene adzamva atakula.