KAMBALAME KA M'MISITU YA KU MIGODI

Munthu woyenda m'miseu ya Parklands, mu mzinda wa Kitwe, angayese kuti malowo anali otero cikhalire. Iai ndithu. Mzindawo unayamba m'caka ca 1936, pafupi ndi mgodi wa Nkana. Kale lonse linali dziko la Alamba, la mitengo ya miombo, ndipo pa akasupe a timitsinje panali misitu yogudira, yosayoyola masamba, imene eni dziko aicha mushitu.

M'misitu yotere mukhala kambalame kakang'ono ngati timba. Msana wace ngwobiriwira, pakhosi mpacikasu, pamimba mpoyera. Kadya tizirombo ta m'masamba, ndipo kamveka kuyimba ngakhale sikaoneka msanga.

Mbiri ya dzina lace iri motere. M'caka ca 1931 Rudyerd Boulton, wa ku America, analemba za kambalameka atakapeza pa phiri la Moco ku Angola. Anakacha dzina la mkazi wace, Laura, mai amene anayenda maiko ambiri kusonkhanitsa nyimbo za anthu. Ndico cifukwa cace m'mabuku kachedwa Phylloscopus laurae. Pambuyo pace C. W. Benson, amene anagwira nchito ya Boma ku Nyasaland asanadze ku Northern Rhodesia, anaona kuti timbalame ta kuno tisiyana pang'ono ndi ta ku Angola, nalemba zimenezi mu 1954.

Koma pamene akatswiri anali kulemba, nkhwangwa sizinali kugona. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ndi zaka zotsatira, malasha a ku Wankie anacepa, ndipo migodi inatentha nkhuni zosawerengeka. Pambuyo pace panadza ootcha makala ndi olima madimba. Miombo ikadulidwa iphukanso pa citsa, koma msitu wa pa kasupe ukapsa, kapena madzi ace akapatutsidwa, subwera msanga. Kambalame kathu sikadziwa kukhala pa mtengo wa m'munda. Msitu ukatha, nakonso katha.

Lero wofuna kukamva ayenera kupita kutali, monga ku msitu wa Imanda kufupi ndi Mpongwe. Inu amene mwatsiriza sukulu, kumbukirani kuti mthunzi wosunga kambalameka ndiwo usunganso kasupe. Tsiku limene nyimbo yace idzaleka, amai adzayamba kuyenda mtunda wautali ndi mtsuko pamutu.