Vinyo wamalipiro ndi ana a ku Western Cape

Pa mabotolo a mowa ogulitsidwa ku South Africa pamalembedwa chenjezo la boma. Mwa machenjezo angapo amene lamulo linapatsa opanga mowa kuti azisankhapo kuyambira mu 2009, lilipo lonena kuti kumwa uli woyembekezera kungavulaze mwana wam'mimba. Mawuwa ndi oona ndithu. Mowa umene mayi wamwa umalowa m'magazi, n'kufika kwa mwana kudzera mumchombo, ndipo kachiwindi kakhanda sikatha kuusefa, motero umatsalira m'thupi n'kumaononga ubongo umene ukungoumbika kumene. Koma chenjezoli likulankhula ndi munthu mmodzi yekha, mayi, ngati kuti nkhani yonse inayambira m'manja mwake. Mbiri ya minda ya mphesa ku Western Cape ikunena zina. Kwa zaka pafupifupi 300, eni minda ndiwo ankathirira antchito awo vinyo tsiku ndi tsiku ngati gawo la malipiro, boma likuona, ndipo dera lomwelo ndi limene linadzapezeka ndi ana ovulazidwa ndi mowa asanabadwe ochuluka kuposa kwina kulikonse kumene madokotala anali atawerengako. Boma limene linalekerera mwambo wotere silingati lamaliza ntchito yake chifukwa chakuti lalembetsa mawu pa botolo.

Mwambowu, umene unkatchedwa dop, ndi wakale ngati utsamunda wa ku Cape womwe. Jan van Riebeeck anafika kumeneko mu 1652 atatumidwa ndi kampani yamalonda ya ku Netherlands, ndipo vinyo woyamba anafinyidwa mu February 1659. Pafupifupi chaka chimodzi izi zisanachitike, mu April 1658, iye anatsegulira sukulu ana aukapolo ochokera ku Angola amene anabwera pa sitima yotchedwa Amersfoort, ndipo m'kaundula wake analembamo kuti mwana aliyense azipatsidwa tambula ya mowa waukali ndi kafodya kuti azilimbikira kuphunzira mapemphero. Tikuona pamenepa kuti kuyambira pachiyambi penipeni mowa unali chingwe chomangira munthu wopanda ufulu. Minda itafalikira ku Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia, pamodzi ndi anthu a mtundu wa Khoekhoe amene analandidwa malo odyetsera ng'ombe zawo. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, ndipo akapolowo anamasukiratu mu 1838, koma dop sinathe nawo. M'malo mwake inakula mphamvu, chifukwa mlimi amene analibenso chikwapu cha lamulo anafunika njira ina yoletsera wantchito kuchoka pafamu.

Kachitidwe kake kanali kosavuta. Wantchito ankaima pamzere ndi kachitini kake, n'kuthiriridwa vinyo kangapo pa tsiku, kuyambira m'mawa, pa nthawi yopuma, mpaka poweruka. Vinyoyo sanali wa m'mabotolo okongola opita kunja ayi, anali wotsalira, wosagulitsika, amene mlimi sakanapeza naye ndalama. Choncho mlimi ankapindula pawiri: anapeza kotayira vinyo wake woipa, ndiponso ankadula ndalama zimene akanalipira. Phindu lachitatu, lomwe linali lalikulu, linkabwera pang'onopang'ono, pakuti munthu amene thupi lake lazolowera mowa wa maola onse sapita kutali ndi mbiya yomwe akumwapo. Wina angafanizire zimenezi ndi dima, pamene mwini munda amafulula mowa n'kuitana anzake kudzalima, koma kufananako n'kwa pamwamba chabe. Pa dima anthu ndi olingana, amene walimiridwa lero adzalimira mnzake mawa, ndipo mowa ukatha aliyense amabwerera kumunda kwake. Wantchito wa dop analibe munda wobwererako, nyumba imene ankagona inali ya bwana, ndipo mwana wake ankakulira pafamu pomwepo akuona kuti ntchito ndi kumwa ndi chinthu chimodzi.

Boma la tsankho linaletsa kulipira antchito ndi vinyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma linasiya khomo lotsegula: mlimi ankaloledwa kupereka vinyo ngati mphatso. Mwambo unangosintha dzina. Ofufuza zaumoyo, monga Leslie London wa ku University of Cape Town, anaupezabe m'mafamu ena m'zaka za m'ma 1990, dziko litalowa kale m'demokalase, ndipo ndi lamulo la mowa la 2003 limene linatsekeratu khomolo. Komabe chizolowezi cha mibadwo yambirimbiri sichitha ndi siginecha ya nduna. Kumene kachitini kanasowa, m'malo mwake munalowa papsak, vinyo wotchipa wa m'chithumba chonyezimira cha malita angapo, wogulidwa Lachisanu malipiro akangotuluka n'kumwedwa mpaka Lamlungu. Zithumbazi zinaletsedwa mu 2007, koma vinyo wotchipa akugulitsidwabe m'zigubu zapulasitiki. Kamwedwe ka kumapeto kwa sabata kameneka, komwa wambiri nthawi imodzi, ndi kamene kamaononga kwambiri mwana wam'mimba, chifukwa mowa umakwera zedi m'magazi a mayi. Ndipo amayi a m'mafamuwa, ambiri mwa iwo olembedwa ganyu ya nyengo yokolola yokha, sankamwa mobisala kapena paokha. Ankamwa limodzi ndi amuna awo, azichemwali awo ndi anansi awo, pakuti pafamu panalibe chisangalalo china.

Achipatala anachedwa kuona zimene zinkachitikira ana. Dokotala wina wa ku Liverpool, William Sullivan, analemba mu 1899 kuti ana a amayi achidakwa a m'ndende ankafa kwambiri kuposa ana a abale awo osamwa, koma nkhaniyo inaiwalika. Mu 1968 Paul Lemoine wa ku Nantes, m'dziko la France, anafotokoza za ana 127 a makolo okonda mowa, ndipo ndi ochepa amene anamumvera. Dziko linatchera khutu mu 1973, pamene Kenneth Lyons Jones ndi David Smith a ku Seattle analemba m'magazini ya The Lancet n'kupatsa vutoli dzina loti fetal alcohol syndrome. Zizindikiro zake n'zooneka kwa wodziwa: mwana wonyentchera, wa mutu waung'ono, maso aang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala, ndipo kangalande kapakati pa mphuno ndi mlomo kamakhala kosalala. Zosaoneka ndiye zolemera. Mwanayo amaiwala zimene waphunzira dzulo, masamu amamukanika, sakhazikika m'kalasi, ndipo kuonongeka kwa ubongoku kulibe mankhwala. Mkulu wa zaumoyo ku United States analangiza amayi oyembekezera mu 1981 kuti asamamwe, ndipo lamulo la 1988 linakakamiza chenjezo pa mabotolo. Ku France anayamba mu 2007 kulamula chenjezo, nthawi zambiri chithunzi cha mayi wapakati chodulidwa ndi mzere. Ku South Africa, kumene vutoli linali lalikulu koposa, boma la tsankho silinavutike n'kuwerenga komwe ana a antchito a m'mafamu.

Kuwerengako kunayamba mu 1997, chaka chimene Denis Viljoen anakhazikitsa bungwe la Foundation for Alcohol Related Research. Iye pamodzi ndi Philip May ndi anzawo anapima ana a kalasi yoyamba m'tauni ya Wellington, pakati pa minda ya mphesa, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2000 zinasonyeza ana oposa 40 pa ana 1,000 alionse ali ndi vutoli lathunthu. Atabwereza patapita zaka zochepa, chiwerengero chinadutsa 65. Kafukufuku woyerekeza mayiko wa mu 2017, wophatikiza mitundu yonse ya kuvulala kumeneku, anaika South Africa pamwamba ndi anthu pafupifupi 111 pa 1,000, pamene padziko lonse anali pafupifupi 8. Ofufuzawo anapezanso kuti amayi a ana ovulala kwambiri anali aang'ono thupi, osadya mokwanira, ambiri osuta fodya, ndipo kawirikawiri ochokera m'mabanja a anthu omwa. Mowa wofanana umavulaza kwambiri mwana wa mayi wanjala kusiyana ndi wa mayi wokhuta.

Alipo amene amatsutsa kuti dop ikusenzetsedwa mlandu woposa msinkhu wake. Amati mwambowo unatha, amayi ambiri a lero sanalandirepo kachitini kwa bwana, ndipo amaloza ku De Aar, tauni ya ku Northern Cape yopanda minda ya mphesa, kumene kafukufuku anapeza ana ovulala oposa 100 pa 1,000. Mfundoyi ili ndi mphamvu ndipo siyenera kunyozedwa, pakuti dop siingafotokoze zonse. Koma tiyang'ane De Aar yomweyo. Ndi tauni imene inkadalira mphambano ya njanji, ndipo ntchito za njanji zitachepa anthu anatsala opanda chochita, ali ndi mowa wotchipa pakhomo. Zimene dop inachita mwadala m'minda ya mphesa, ulova unazichita kumeneko popanda bwana wothira. M'malo onse awiri kumwa kwa mayi kunamera pa nthaka imene iye sanaikonze, ndipo chitsanzochi chikungokulitsa udindo wa boma m'malo mouchepetsa.

Ena amati mayi ndi munthu wamkulu, wauzidwa, ndipo akamwabe alangidwe. Njirayi inayesedwa m'zigawo zina za United States, kumene kumwa uli woyembekezera kumatengedwa ngati nkhanza kwa mwana, ndipo ofufuza atayerekeza zigawozo sanapeze ana obadwa athanzi kuposa kwina. Anapeza kuti amayi ankachepetsa kupita kusikelo. N'zosadabwitsa, chifukwa mayi amene akudziwa kuti namwino angamuneneze sanena zoona, kapena sabwera n'komwe. Palinso vuto la nthawi. Nkhope ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masabata oyambirira, pamene mayi sanadziwe kuti waima, ndipo mimba zambiri m'madera osauka zimabwera mosakonzekera. Chilango, ngakhalenso chenjezo lowerengedwa mimba itaoneka kale, chimafika mochedwa pa gawo lina la kuonongekako, ngakhale kusiya pa mwezi uliwonse kumapulumutsabe zotsalazo.

Sikuti kuphunzitsa anthu n'kopanda ntchito. Ku De Aar komweko ndi ku Upington, atagwira ntchito yophunzitsa anthu m'zipatala ndi kulankhula za mowa poyera, chiwerengero cha makanda ovulala chinatsika kuchoka pa 9 kufika pafupifupi 6 pa 100 alionse.  Ntchito yotere imadya ndalama za boma chaka ndi chaka, pamene chenjezo la pa botolo limalipiridwa ndi wopanga mowa, ndipo n'chifukwa chake maboma amalikonda. Kumayiko ngati Malawi ndi Zambia, kumene kachasu ndi masese zimagulidwa m'kapu kapena m'chipanda chopanda cholembedwa chilichonse, chenjezo lotere silifika n'komwe kwa womwayo. Ku Western Cape, ngongole imene yatsala ndi yodziwika: kulera kopezeka mosavuta kwa mayi amene akumwa, malo othandizira osiya mowa amene amalandira wapakati, mtengo wa vinyo wa m'zigubu umene sungalole kuledzera ndi ndalama yochepa, ndi aphunzitsi odziwa kuthandiza mwana amene wabadwa kale wovulala. Makampani a vinyo, amene chuma chawo chinakula pa antchito olipidwa ndi kachitini, ayenera kusenza gawo la ndalama zimenezi, ndipo ndi boma lokha limene lingawakakamize kutero.