Kodi Anali Asilikali a France?

Filimu ya Rachid Bouchareb ya mu 2006, Indigènes, imakamba za anyamata a ku Algeria ndi Morocco omwe anamenyera nkhondo dziko la France pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Anayambira ku Italy, anafika ku Provence mu 1944, nkukathera ku Alsace. Kodi tiwatche asilikali a France?

Ena amati inde, poti anavala yunifolomu ya dzikolo. Ine ndikukana kuti tilekere pomwepo. Mawu oti "indigènes" ndi omwe atsamunda ankatchulira eni nthaka, ndipo ambiri mwa anyamatawa sankawerengedwa ngati nzika zenizeni za France.

Kusiyanitsaku kunakhudza ndi thumba lomwe. Lamulo la mu 1959 linaletsa kukweza penshoni za asilikali akale ochokera m'maiko omwe ankalandira ufulu wodzilamulira, pomwe za anzawo Achifalansa zinkakwerabe. Pulezidenti Jacques Chirac ataonera filimuyi mu 2006, boma lake linalengeza kuti likonza zimenezi.

Tikangoti "asilikali a France", nkhanza imeneyi imabisika. Titchule mbendera yomwe anaifera, komanso kwawo komwe anachokera. Ndikaona chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba, funso lomweli limandibwerera.