Nambala ya pa Kagalasi Si Muyeso

M'mayiko ogwa chipale chofewa monga Austria, Norway ndi Canada, wotsetsereka pa ski amaika mwendo wake m'manja mwa kachipangizo kotchedwa binding, kamene kamamanga jombo ku thabwalo. Ntchito yake ili pawiri: kagwire jombo zolimba munthu akamakhota pa liwiro, koma kaitaye msanga akagwa, fupa la msongolo lisanathyoke. Hjalmar Hvam anapanga chogwirira chodzimasula chokha atathyoka mwendo ku Oregon mu 1937, ndipo chiyambire pamenepo amisiri a m'mashopu akhala akuunjika mawu awoawo a ntchitoyi. Ambiri mwa mawuwo amathandiza, koma pali amodzi amene amagoneka anthu tulo.

Othandizawo ndi a pobowola. Jig ndi chitsulo chimene amachikanikiza pa ski, chokhala ndi timabowo tolondolera chobowolera kuti chisapendeke. Mmisiri amachitchera potsata BSL, kutalika kwa kunsi kwa jombo m'mamilimita, nambala yodindidwa cha ku chidendene, monga 305. Wosokoneza nambalayi ndi saizi ya phazi waononga thabwa la mwini. Ski yokhala ndi chitsulo mkati imafuna nsonga ya mamilimita 4.1, yopanda chitsulo ya 3.5 kapena 3.6, ndipo ya ana, poti ndi yopyapyala, bowo lake limalekera pa mamilimita 7. Ukalakwitsa nsonga, sikuluwu imangozungulira osagwira, kapena imatukumula kunsi. Kadontho ka guluu m'bowo kamatseka madzi kuti mtengo wamkati usawole. Zonsezi diso limaona, n'chifukwa chake mashopu sanyinyirika kugula jig yatsopano ya makampani opanga binding monga Marker kapena Salomon ikatuluka.

Mawu ogoneka tulo aja ndi DIN. Kwenikweni ndi dzina la bungwe loona za miyezo ku Germany, koma otsetsereka analisandutsa dzina la nambala yooneka pa kagalasi ka binding, mpaka ena amaitchula modzitama ngati udindo. Nambalayo imachokera pa tchati cha muyezo wa ISO 11088, chimene chimayang'ana kulemera kwa munthu, msinkhu wake, zaka zake, katsetserekedwe kake ndi BSL. Wa zaka 50 kupita m'tsogolo amam'tsitsira, ndipo wa jombo yaitali amapatsidwa nambala yocheperapo chifukwa jomboyo imapotokola mwamphamvu, ngati sipanala ya mpini wautali. Komatu kagalasi kamangonena pamene sipuling'i ya m'kati mwa binding yakanikizidwa. Sikadziwa kuti sipuling'iyo yatopa, kuti kunsi kwa jombo kwaperepeseka ndi miyala, kapena kuti jombo yokhala ndi kunsi kwa mtundu wa GripWalk yalowetsedwa m'binding yosaiyenera. Mphamvu yeniyeni imene jombo imamasukira imadziwika pokhapokha makina oyesera, monga a Wintersteiger kapena Montana, akaipotokola ndi kuikokera kutsogolo mpaka itatuluka, n'kuwerenga zotsatira mu Nm, muyeso wa mphamvu yopotokola.

Eni mashopu ang'onoang'ono anganene kuti makinawo ndi odula ndipo amachedwetsa mzere wa makasitomala. Kudulako n'koona, ngakhale kuti chilipo choyesera chamanja cha Vermont Release Calibrater, chosafuna magetsi. Ena amati ngakhale binding yoyesedwa bwino siteteza bondo, ndipo apa ali ndi mfundo: kafukufuku amene Robert Johnson ndi Carl Ettlinger anayamba ku Sugarbush m'chigawo cha Vermont mu 1972 anaonetsa kuti kuthyoka kwa msongolo kunachepa kwambiri pamene kuduka kwa mtsempha wa m'bondo kunkachuluka. Koma umboni womwewo ndi umene ukusonyeza kuti pa msongolo chipangizochi chimagwiradi ntchito chikamamasuka pa mphamvu yoyenera, ndipo kulephera kwake pa bondo si chifukwa chosiyira kuyesa chimene chimatha. Shopu yobowola molondola mpaka pa milimita koma yosayesa kamasukidwe yagwira theka la ntchito. Musanalipire, pemphani pepala la zotsatira za makina.